Kuphunzira VCarve kudzera m'mavidiyo: zolemba za ku shedi yathu ku Mangochi

3 Juni 2024: pamene tayambira

Makina athu a CNC router, odula ndi kusema matabwa potsatira fayilo yokonzedwa pa kompyuta, ndi a mtundu umene umatchedwa 1325, kutanthauza kuti tebulo lake ndi mamilimita 1,300 m'lifupi ndi 2,500 m'litali, moti bolodi lathunthu la MDF limagonapo popanda kulidula. Tinawagula ku Blantyre atagwirapo kale ntchito, pamodzi ndi kompyuta yakale imene inali ndi ArtCAM, pulogalamu yojambulira ndi kukonzera mafayilo opita ku makinawo. Kwa zaka ziwiri amene ankajambula ndi kukonza mafayilo anali mnyamata amene tinamulemba ntchito, pamene ine mbali yanga inali yosankha matabwa, kupala, kulumikiza ndi kupaka vanishi. Mu Epulo mnyamatayo anapita ku Joni monga amachitira anzake ambiri kuno, ndipo patangotha milungu itatu hard disk ya kompyuta ija inafa, n'kupita ndi zonse zimene zinali momwemo.

ArtCAM yatsopano sindingaipeze, chifukwa kampani ya Autodesk, imene inagula eni ake a Delcam mu 2014, inasiya kuigulitsa mu 2018. Ndasankha kuphunzira VCarve, pulogalamu ina ya ntchito yomweyo, ya kampani ya Vectric ya ku Redditch ku England, pa chifukwa chimodzi chachikulu: ili ndi mavidiyo ambiri ophunzitsira aulere, ndipo kuno kulibe munthu woti ndingakhale naye pambali kuti andionetse. Ntchito imene ikudikira ndi ya mayi wina amene ali ndi malo ogona alendo pamsewu wa ku Monkey Bay. Akufuna chikwangwani cha mlombwa cha mamilimita 1,200 ndi 600, chokhala ndi chithunzi cha chambo, komanso timatabwa ta mayina a zipinda tisanu ndi titatu. Ndawauza zoona zake, ndipo andipatsa mpaka kumapeto kwa Ogasiti.

Laputopu ya Windows yogwirapo kale ntchito ndagula K350,000.

10 Juni: mavidiyo ndi bandulo

Ndinayamba ndi VCarve yoyeserera, imene imatsitsidwa kwaulere. Imalola kujambula chilichonse ndi kuona pa kompyuta mmene thabwa lidzaonekere likadulidwa, koma fayilo yopita ku makina imatuluka pa zitsanzo zawo zokha. Pophunzira zimenezi n'zokwanira.

Cholakwa choyamba chinali cha kuumira. Pofuna kusunga bandulo ndinatsitsa mavidiyo khumi ndi awiri pa 360p, ndipo nditawatsegula ndinapeza kuti mawu akumveka bwino koma manambala amene mphunzitsi akulemba m'timabokosi sakuwerengeka, pamene phunziro lonse lagona pa manambala omwewo. Ndinawatsitsanso pa 720p usiku, netiweki itapepuka, moti K8,000 yoyamba ija inangopita m'madzi. Mwana wa mchemwali wanga, amene ali Fomu 3, ndi amene anandionetsa kuti pa YouTube munthu angachepetse liwiro la vidiyo kufika pa 0.75 ndi kuyatsa mawu olembedwa m'munsi. Anati, “Amalume, musamangoonera ngati mpira, muziimitsa n'kuchita zomwe wachitazo.” Kuyambira pamenepo vidiyo ndimaionera pafoni, laputopu ili pambali, ndipo phunziro la mphindi 20 limanditengera maola awiri.

Mavidiyo ena ndi a VCarve ya zaka zam'mbuyo, ndipo mabatani ena anasuntha malo. Tsopano ndisanatsitse ndimayamba ndaona nambala ya pulogalamu imene ikuphunzitsidwa.

24 Juni: kugula

VCarve Desktop ndi yotsika mtengo, koma imadula malo a pafupifupi masentimita 60 mbali zonse pa nthawi imodzi, zimene sizikugwirizana ndi tebulo lathu. VCarve Pro, imene ilibe malire amenewa, mtengo wake ndi pafupifupi madola 700, ndipo pa mtengo wa ku banki wa masiku ano zikuposa K1,200,000. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse cholipira m'madola chimafuna kuganiza kawiri. Achimwene amene ali ku Johannesburg ndi amene alipira ndi khadi lawo, ndipo ine ndizibweza m'makwacha kwa alamu kuno kwa miyezi isanu ndi umodzi.

Anzanga awiri anandiuza kuti angandiikire pulogalamu yobedwa pa K20,000. Ndakana, chifukwa ndaona kale mmene zimakhalira kompyuta ikafa munthu alibe chiphaso choti n'kuikiranso pulogalamu pa kompyuta ina.

1 Julayi: chikwangwani chonga bokosi la machesi

Lero kanali koyamba kutumiza fayilo yanga ku makina. Ndinajambula mawu akuti TAKULANDIRANI pa malo a mamilimita 600, ndinakonza toolpath, imene ndi njira yomwe biti, kachitsulo kodulira, idzatsate, n'kuika fayilo mu fulashi. Makina athu amayendetsedwa ndi kachipangizo kogwira m'manja, osati ndi kompyuta. Nditadina batani, spindle, mota yozungulitsa biti, inalira, biti inanjenjemera pakona ya bolodi kwa masekondi ochepa, kenako n'kukwera m'mwamba ngati yamaliza. Nditapukuta utuchi ndinapeza kachizindikiro kosakwana masentimita atatu.

Ndinataya masana onse ndikukayikira mawaya ndi malamba, pamene vuto linali pa kabokosi kotsiriza posunga fayilo. Pamenepo pamasankhidwa post processor, imene imamasulira chojambula kukhala G-code yomwe makina amamva. Mphunzitsi wa mu vidiyo anasankha ya mainchi, inenso ndinangotsatira. Mamilimita 600 ndi mainchi 23.6, ndipo makina athu anawerenga 23.6 imeneyo ngati mamilimita. Nditasankha G Code ya mm, mawu anatuluka pa msinkhu wake. Tsopano fayilo iliyonse ndimayamba ndaitsegula mu Notepad kuti ndione ngati manambala a X ndi Y, a m'lifupi ndi m'litali, akufanana ndi zimene tepi ikunena pa thabwa. G20 ndi ya mainchi, G21 ndi ya mamilimita, ndipo zimenezi ndazilemba ndi choko pakhoma.

Bolodi la MDF la mamilimita 18 lophunzirira ndagula K68,000, n'kuonjezerapo K6,000 yolibweretsera.

5 Julayi: utsi

Mainchi aja anandipwetekanso kachiwiri, ndipo ulendo uno anandidyera ndalama. Mphunzitsi ananena kuti feed rate, liwiro limene biti imayendera m'thabwa, ikhale 100. Ndinalemba 100 osayang'ana kabokosi ka pambali pake. Iye ankanena mainchi 100 pa mphindi, amene ndi mamilimita 2,540, pamene kwa ine panali posankhidwa mamilimita pa mphindi. Biti ya mamilimita 6 inkayenda ngati nkhono kwinaku ikuzungulira maulendo 18,000 pa mphindi. Pasanathe mphindi zitatu m'shedi munadzaza fungo la chopserera, mzere unada bii, ndipo mnyamata wothandiza anakuwa kuti, “Abwana, moto!” Utuchi wa mumzere unali utayamba kunyeka. Biti inasintha mtundu kunsonga n'kubuntha, ndipo K18,000 inathera pomwepo.

Apa ndi pamene ndinaphunzira chinthu chimene mavidiyo amangochitchula modutsa. Dzino lililonse la biti liyenera kuluma kachidutswa kooneka, chifukwa kachidutswako ndi kamene kamachoka ndi kutentha. Kawerengedwe kake n'kosavuta: liwiro loyendera ligawidwe ndi maulendo ozungulira kuchulukitsa ndi chiwerengero cha mano. Pa 100, ndi biti ya mano awiri pa 18,000, dzino lililonse linkaluma mamilimita osakwana 0.003, kumene si kudula koma kupekesa moto. Ndinatenga zidutswa za paini, malaina, mbawa ndi mlombwa, n'kudula mizere isanu pa chilichonse, ndikusintha liwiro mzere ndi mzere. Pa makina athu, ndi biti ya 6, mlombwa ukudulidwa bwino pa maulendo 14,000 ndi mamilimita 2,400 pa mphindi, kuya kwa mamilimita 3 pa ulendo umodzi. MDF ikulola 3,000 pa 18,000. Chizindikiro chimene ndikudalira ndi cha ukalipentala wamba: chikamatuluka ndi fumbi losalala ngati ufa woyera ndiye kuti ndikuchedwetsa, chikamatuluka ngati gaga ndiye kuti zili bwino. Manambala onsewa ndawalemba m'kope ndi kuwalowetsa mu tool database ya pulogalamu, biti iliyonse ndi dzina la mtengo wake, chifukwa aphunzitsi a m'mavidiyo amadula oak ndi maple, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirapo mlombwa.

12 Julayi: ziro

Poyamba ntchito iliyonse pulogalamu imafunsa ngati ziro ya Z, kumene kuya kumayambira kuwerengedwa, ikhale pamwamba pa thabwa kapena pa tebulo. Ine mu pulogalamu ndinasankha pamwamba pa thabwa, koma mnyamata wothandiza anaika ziro pa tebulo, monga ankachitira ndi mnzake uja anachoka. Biti inalowa mamilimita 18 kuposa pamene inayenera kulekezera, inaboola bolodi, inakumba bolodi lotetezera tebulo, n'kuthyoka. Ina K18,000.

Mlandu si wa mnyamatayo, chifukwa sindinamuuze. Tagwirizana kuti pa shedi pano ziro ndi pamwamba pa thabwa nthawi zonse, ndipo fayilo yatsopano iliyonse iziyamba yayendetsedwa m'malere, biti itakwezedwa mamilimita 30, kuti tione kumene ikupita isanakhudze mtengo.

19 Julayi

Sabata ino ndaphunzira ma tab, timilatho timene timasiyidwa kuti chidutswa chodulidwa chisachoke pamalo biti isanamalize. Ndinawaiwala pa kathabwa ka dzina la chipinda, kathabwako kanatembenuka pa ulendo wotsiriza n'kulumidwa m'mphepete. Tsopano ndikuika anayi pa kathabwa kalikonse, otalika mamilimita 10 ndi okhuthala 3, ndipo ndikuwadula ndi tchizulo.

Mabiti atatu amene ananditumizira kuchokera ku Blantyre anali a kota inchi, amene ndi mamilimita 6.35, pamene collet yathu ya ER20, kachitsulo kogwira biti pa spindle, ndi ya 6. Kusiyanako ndi kochepa m'maso koma biti siikhala bwino, ndipo kuikakamiza n'kuononga collet. Ndaitanitsa collet ya msinkhu wake pa K14,000.

29 Julayi: chambo

Gawo limeneli ndi limene landitengera nthawi yambiri. Mayi aja anatumiza pa WhatsApp chithunzi cha chambo chenicheni, chojambulidwa pa mchenga. Mu vidiyo mphunzitsi amatenga chithunzi choyera bwino cha mitundu iwiri, amadina pa chida chotsata m'mphepete, ndipo mizere yosalala imatuluka nthawi yomweyo. Nditachita chimodzimodzi ndi chithunzi cha pa mchenga, pulogalamu inatsata mamba aliwonse, mthunzi ndi timiyala, n'kutulutsa mizere ya timfundo masauzande. Makina ankayenda modukizadukiza ngati munthu wachibwibwi, ndipo m'mphepete mwa nsomba munatuluka mano ngati a sowo. Komanso toolpath ya V-carve, yosema ndi biti ya nsonga yonga V (V-bit), inakana mizere ina, chifukwa imafuna mzere wotsekeka, umene mapeto ake akumana ndi chiyambi chake, pamene yanga yambiri inali yotseguka ndi timipata tosaoneka ndi maso.

Ndinayesa zida zolumikizira mizere ndi zochepetsera timfundo, ndipo zinathandiza pang'ono. Chimene chinathetsa vuto chinali kusiya njira yachidule. Ndinaika chithunzi pansi ngati chotsatira, n'kujambula chambocho ndi dzanja pamwamba pake, mzere ndi mzere, kwa madzulo atatu. Thupi lonse lili ndi timfundo tosakwana makumi anayi. Mamba ndinajambula limodzi lokha, n'kulichulukitsa ndi chida chokopera m'mizere. Nditasindikiza pa pepala ndinapita nalo kwa bambo wina wogulitsa nsomba pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, amene analiyang'ana pang'ono n'kunena kuti, “Achimwene, chipsepse chapamsanachi mwachifupikitsa, chambo chimayambira kuseri kwa mutu mpaka pafupi ndi mchira.” Ananena zoona, ndipo ndinakonza. Chikwangwani chikapachikidwa m'mbali mwa nyanja, aliyense wodutsa adzakhala woti nsombayo amaidziwa kuposa ine.

Pa mawu panalinso kanthu kena. Mayi aja akufuna kuti Malaŵi alembedwe ndi kachizindikiro pamwamba pa w, koma font imene anasankha ilibe chilembo chimenechi, moti pamalo pake pankatuluka kabokosi. Ndinalemba w wamba, ndinasandutsa mawu onse kukhala mizere, kenako ndinajambula kadengako ndekha ndi kukhuthala kofanana ndi miyendo ya chilembo. Ndasunga chilembocho m'fayilo yakeyake, chifukwa ndikudziwa kuti chidzafunikanso.

9 Ogasiti: thabwa losalingana

Mlombwa ndinagula matabwa atatu ouma pa K45,000 lililonse, ndinawapala ndi kuwalumikiza ndi guluu. Poyesera pa chidutswa chotsala, ndi V-bit ya madigiri 90 imene ndinagula K32,000, zilembo za kumanzere zinatuluka zonenepa pamene za kumanja zinali zoonda, zina mpaka kusowa timichira. Pa kompyuta zonse zinali zofanana.

Chifukwa chake chili m'maonekedwe a bitiyo. V-bit ya madigiri 90 ikalowa milimita imodzi mopitirira, mzere umakula ndi mamilimita awiri. Nditayeza ndinapeza kuti kumanzere kunali kokwera ndi milimita imodzi ndi theka kuposa kumanja: mbali ina chifukwa cha thabwa, mbali ina chifukwa cha bolodi lotetezera tebulo limene linatupa m'nyengo ya mvula ndipo silinapalidwepo chigulireni makina. Pa chitseko kapena pa tebulo lodyera kusiyana kotere palibe amene angakuone, n'chifukwa chake m'zaka zonse za ukalipentala sikunandivutitsepo. M'mavidiyo nkhaniyi siimveka kwenikweni chifukwa matabwa awo amafika atalingana kale kuchokera ku fakitale, pamene athu amachokera kwa ocheka ndi sowo.

Ndinapala bolodi la pa tebulo lonse ndi biti yaikulu ya mamilimita 32, kuchotsa milimita imodzi, ntchito ya pafupifupi ola limodzi ndi fumbi losaneneka, loti popanda chotseka pamphuno munthu sangalimbe. Kenako ndinamanga thabwa la chikwangwani ndi masikuluu m'makona amene adzadulidwe, n'kulipalanso pamwamba ndi makina omwewo lisanalembedwe. Zilembo zoyesera zatuluka zofanana mbali zonse.

16 Ogasiti: magetsi

Chikwangwani chenicheni ndinachiyamba 9 koloko m'mawa. Pulogalamu inaonetsa kuti ntchito itenga mphindi 50, koma pa makina athu nthawi imeneyi imatalika ndi theka lina, moti ndasintha nambala yowerengera nthawi kuti izigwirizana ndi wotchi. Chambo chili pakati, magetsi anazima. Biti inaima m'thabwa, ndipo atayaka masana kachipangizo kanali kataiwala pamene tinayambira. Pa thabwa la K135,000, kuphonya ndi theka la milimita kukanaoneka pa mamba onse.

Chimene chinatipulumutsa ndi kabowo kamene ndinaboola pa ziro ya X ndi Y, pakona yodzadulidwa, potsatira langizo la vidiyo ina imene panthawiyo ndinkaiona ngati yotaya nthawi. Ndinamasula biti, ndinabweza makina kwawo, ndinatsitsa nsonga ya V-bit pang'onopang'ono mpaka inakhala pakati pa kabowoko, n'kuyambitsanso fayilo kuchokera pachiyambi. Biti inadutsa m'mizere yakale osaluma kanthu mpaka pamene inalekezera. Pali malo amodzi pa mchira pamene mzere wakula pang'ono, ndipo ndawasalaza ndi sandipepa.

Kuyambira lero ndikulemba m'kope manambala a makina a X, Y ndi Z ntchito isanayambe, ndipo ntchito yaitali ndikuigawa m'mafayilo angapo: mawu paokha, chithunzi pachokha, kudula m'mphepete pakokha. Jenereta yoti n'kuyendetsa spindle ya makilowati atatu pamodzi ndi zina zonse sindingaikwanitse chaka chino.

27 Ogasiti: kupereka

M'zilembo ndi m'mamba ndinapaka penti yakuda, koma ndinayamba ndapaka vanishi wopyapyala kuti penti isalowerere m'mitsempha ya mtengo, chinthu chimene ndinachiona pa chidutswa choyesera pamene zilembo zinachita ndevu. Itauma ndinapala pamwamba ndi sandipepa ya 180, n'kupaka vanishi wa panja katatu. Mphepo ya mwera inkabweretsa fumbi, moti kupaka kunkachitika m'mamawa zitseko zili zotseka.

Mayi aja alandira chikwangwani ndi timatabwa tonse, ndipo alipira K520,000 monga tinapanganira. Anapeza cholakwa chimodzi chimene ine, mnyamata ndi mwana wa mchemwali wanga tonse sitinachione: pa kathabwa ka chipinda chotchedwa Kampango ndinalemba Kampago. Ndinadula kena tsiku lomwelo, ndipo panatenga mphindi khumi ndi ziwiri. Tsopano mawu aliwonse kasitomala aziyamba wawaona pa chithunzi n'kuvomereza pa WhatsApp.

Kupatula laputopu ndi pulogalamu, kuphunzira kwandidyera K74,000 ya bolodi, K36,000 ya mabiti awiri oonongeka, K14,000 ya collet ndi K31,000 ya mabandulo, zonse pamodzi K155,000.

14 Okutobala: kutentha

Ntchito zabwera zina zitatu: zitseko ziwiri zosema za nyumba ina ku Namwera, chikwangwani cha sitolo, ndi mashelefu a pulayiwudi olowetsana popanda misomali. Pa mashelefu ndaphunzira kuti biti yozungulira singadule kona yam'kati yosongoka, choncho pamafunika timabowo ta m'makona totchedwa dogbone kuti matabwa alowane mpaka kumapeto. Pulayiwudi yolembedwa kuti 18 nditaiyeza inali 17.2, ndipo mipata ndinaijambulanso potsatira muyeso weniweniwo.

Vuto la mwezi uno ndi dzuwa la kuno. Spindle yathu imazizira ndi madzi ochokera mu ndowa, ndipo pofika 1 koloko masana madziwo akumatentha moti dzanja silikhalitsamo. Nditatsegula paipi ndinapezamo utuchi ndi ndere zimene zinachepetsa kuyenda kwa madzi. Ndatsuka mapaipi, ndasintha ndowa ya malita 20 n'kuika mgolo wa malita 100 wokhala ndi chivundikiro pa K28,000, ndipo ntchito zazitali tikuziyamba 6 koloko m'mawa. Laputopu ndaichotsa m'shedi chifukwa fumbi la MDF linayamba kutseka potulukira mpweya.

Zitseko za ku Namwera zikufuna maluwa otukuka, osati ongolembedwa. VCarve imatha kudula zithunzi zotukuka zopangidwa kale koma siipanga zatsopano, pakuti imeneyo ndi ntchito ya Aspire, imene mtengo wake ndi pafupifupi madola 2,000. Ndauza mwini nyumba kuti makina adula mafelemu ndi mizere, maluwawo asema ndi manja bambo wina wosema ziboliboli amene timagwira naye ntchito nthawi zina. Mavidiyo asanu a kadulidwe ka zithunzi zotukuka ndatsitsa kale, ndipo biti ya nsonga yobulungira ya mamilimita 3 ikufika Lachisanu pa minibasi yochokera ku Limbe.